Njoka Yoyera M'thewera

M'dziko lino muli anthu owerengeka amene anagwirapo ubongo wa munthu wamoyo, ndipo mmodzi wa iwo ndine. Enawo anaphunzira zaka zambiri kutsidya kwa nyanja, amasamba m'manja mpaka m'zigongono, ndipo amalowera kumutu. Ine ndinaphunzira miyezi isanu pa koleji ya zaulimi, m'manja ndinali nditangopukuta pa thalauzi, ndipo ndinalowera kumatako.

Kukolejiko sanandithamangitse. Anandilembera kalata yaulemu kwambiri yondipempha kuti ndikaganizire za tsogolo langa, ndipo ndinakhala ndikuliganizira pa mpando wautali wa pabalaza kwa mlongo wanga ku Chelstone, mu Lusaka. Zinali zaka zija za mizere, pamene munthu ukaona anthu ataima pakhomo pa sitolo unkayamba waima nawo, n'kufunsa pambuyo chimene chabwera. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga pakhomopo. Ndinkaimira sopo, shuga, mafuta ophikira, ndipo tsiku lina ndinaima maola atatu n'kutulukamo ndi mababu awiri a tochi imene tinalibe.

Mlongo wangayo ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zinayi. Ankatayipa makalata mu ofesi ina ya boma m'tauni mpaka pamene mwana anadwala. Mwamuna wake ankayendetsa malole opita kudoko, ulendo wa milungu itatu ngati matayala akhululuka, kotero kuti nyumbayo inkamudziwa ngati mlendo wobwera ndi mpunga.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, anabadwa bwinobwino. Atakwana miyezi itatu, zisoti zimene amayi a kumpingo anamulukira zinayamba kuchepa. Poyamba tinkati ubweya wafupika pochapa. Kenako liwombo, m'malo mobonya pang'ono monga lichitira la mwana aliyense, linatukuka n'kulimba, mitsempha inayamba kuonekera pamutu, ndipo maso ake anayamba kuyang'ana pansi nthawi zonse ngati munthu amene wataya singano. Ku chipatala chachikulu anati ndi madzi. Ubongo wa munthu aliyense umapanga madzi, ndipo madziwo ali ndi njira yawo yotulukira. Yake inali yotseka.

Anamuika kapaipi. Kanali koyera, kofewa, kochepa ngati chingwe cha nsapato. Kankayambira m'kati mwa mutu, kutulukira kuseri kwa khutu lamanja, kuyenda pansi pa khungu kutsika ndi khosi, kudutsa pachifuwa, mpaka kukathera m'mimba, kumene thupi linkamwa madziwo lokha. Timapaipi timeneti sitinkagulitsidwa paliponse m'dziko muno. Kathuko kanabwera m'chikwama cha sisitere wina amene ankachokera kutchuthi kwawo. Ukapapasa kuseri kwa khutu unkamva kachotupa ngati nyemba, ndipo kuchokera pamenepo chala chinkatha kulondola kamzere kolimba mpaka pamchombo. Mutu unasiya kuthamanga. Maso anakwera. Mwana anayamba kuseka, makamaka akaona ine, zomwe ndinkazitenga ngati ulemu.

Anatiuza zoti tizichenjera nazo: kusanza, kugona kosadzuka, kutentha thupi, liwombo kutukukanso. Anatipatsa khadi lolembedwa kuti tizibwera Lachiwiri loyamba la mwezi. Za chinthu chimene chinachitikacho palibe anatiuza, ndipo sindiwadandaula, chifukwa ngakhale dokotala mwini wake anali atangochiwerenga m'buku.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa kuti mumvetse chifukwa chake anthu awiri anzeru anamvera ine. Kwathu ku Katete mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ndi tambala wobwereka. Mwini mbumba ndi malume, mlongo wa mayi, ndipo mwana akadwala mawu omaliza ndi ake. Amalume athu anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo m'mimba mwa amayi athu mwamuna ndinali ndekha. Choncho ine, munthu wogona pa mpando wa eni ake, wosuta ndudu zopempha, ndinali mwini wa mlongo wanga ndi mwana wake yemwe. Mlongo wanga ankanditchula kuti iwe akamandituma kumzere. Nkhani ikakhala ya mwana ankati inu.

Linali Lachisanu masana, mwana ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndinalowa ndi sopo mmodzi m'manja n'kupeza kwabwera Azakhali, mlongo wa mlamu wanga, mayi wobadwira mu Lusaka momwemo, wogulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa ku Kabwata. Anali atalera ana asanu ndi mmodzi osataya ngakhale mmodzi, ndipo mfundo imeneyi ankaitchula monga ena atchulira madigiri.

“Ba dokota babwela,” anatero Azakhali. “Bwelani muone. Mwana wanu ali na njoka.”

“Ili kuti?”

“Yenze yachoka kumatako so, monga chala, yoyela. Manje yabwelela mukati. Yamvela mphepo.”

Mlongo wanga anali atagwada pamphasa, thewera lili m'manja. “Inali yoyera kwambiri,” anatero. “Njoka zam'mimba zimayera choncho? Ndipo siinkagwedezeka.”

Ndinaika sopo pa tebulo mwaulemu, n'kukhala pansi, n'kupinga miyendo. Mwa zinthu zonse za padziko, njoka zam'mimba ndizo zokha zimene ndinakhoza pa mayeso. Ndinafotokoza kuti njoka ya m'mimba mwa nkhumba ndi ya m'mimba mwa munthu ndi pachibale, kuti zilipo zofiirira ndi zoyera, kuti zikakhuta zimachita ulesi. Ndinatchula dzina lake lachilatini, mwina molakwika, koma panalibe wondikonza.

“Koma mwanayu sakwawa,” anatero mlongo wanga. “Dothi sanaligwirepo. Waitenga kuti?”

“Mazira ake amayenda ndi fumbi,” ndinatero. “Komanso pa tomato wa pamsika.”

“Tomato wanga ni wosamba kupambana imwe,” anatero Azakhali.

Tinaseka. Mlongo wanga anafunsa ngati sikungakhale bwino kupita naye kuchipatala. Ndinati munthu sukwera mabasi awiri chifukwa cha njoka, manesi angatiseke. Ndinapita kusitolo ya mankhwala n'kugula kabotolo ka mankhwala otsekemera a njoka, tinamumwetsa theka la sipuni, Azakhali n'kunena kuti agona konko mpaka aione ndi maso awo itafa.

Loweruka m'mawa inatulukanso. Azakhali anamugoneka mwana chafufumimba pamiyendo pawo, mutu kumanzere kwanga. Anati njoka sukoka mwamphamvu, imaduka, mutu n'kutsalira m'kati. Umaikulunga pa kamtengo ka machesi pang'onopang'ono. Anatuma mlongo wanga kukatenga machesi ndi madzi ofunda kukhitchini.

“Gwilani, ba malume, isathabe. Ni mwana wanu.”

Ndinagwira ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Njoka ndinazigwirapo zambiri kukoleji, ndipo njoka ukaigwira imakuyankha, imadzipinda, imaterera. Iyi sinayankhe. Nsonga yake sinali yosongoka, inali yozungulira bwinobwino, ya timing'alu ting'onoting'ono m'mbali, ngati chinthu chopangidwa ndi munthu wolandira malipiro. Pansongapo panatuluka kadontho ka madzi oyera mbee. Kanagwa. Panatuluka kena.

Ndinakoka. Inabwera mosavuta, kutalika ngati chala, kenako inalimba. Maso anga sanali kumene kunali dzanja langa. Mwangozi anali pa khosi la mwana. Kamzere kaja ka pansi pa khungu kanaongoka n'kukungika ngati nsambo ya gitala, ndipo khungu la kuseri kwa khutu linalowa m'kati pang'ono.

Ndinamasula. Khungu linabwerera.

Munthu wophunzira sakhulupirira chimene waona kamodzi. Ndinakokanso. Khungu linalowanso, ndipo mwana anatulutsa kamawu kamene ndinali ndisanamumvepo, kakafupi, ngati kufunsa.

Azakhali ankayang'ana kumatako kokha. Kukhitchini ndinkamva mlongo wanga akutsanulira madzi m'beseni. Ndinali ndi nthawi yokwanira kupuma katatu. M'nthawi imeneyo munthu akhoza kunena kuti, “Iyi si njoka, tiyeni tinyamuke.” Ndawayesa mawuwa kambirimbiri kuyambira tsiku limenelo, ndipo amakwana, n'kutsalako mpweya. Chimene ndinachita n'chakuti ndinakankhira chinthucho m'kati ndi chala, chonse, mpaka chinasowa.

“Yathawa,” ndinatero.

“A-a, ba dokota. Manja ya sopo.”

Ndakhala ndikufufuza chifukwa chake, ndipo zifukwa ndili nazo zambiri, zonse zovala bwino. Linali Loweruka, madokotala akuluakulu kulibe. Lachiwiri la pakhadi linali litangotsala masiku atatu. Chinthucho chinachokera m'kati, ndiye ndinachibwezera kwawo. Koma chifukwa chenicheni chinali chosavala: dzulo lake ndinali nditapinga miyendo n'kulankhula Chilatini.

Loweruka lonse ndi Lamlungu ndinakhala pafupi ndi mwana. Ndinkadutsa, n'kuika chikhatho paliwombo, n'kupitirira. Ndikabwerera, chimodzimodzi.

“Lero wamukonda bwanji mwana?” anafunsa mlongo wanga.

“Ndi mbumba yanga.”

“Mbumba yako ifuna sopo wina. Uja watha ndi matewera.”

Lamlungu kutchalitchi sanalire ngakhale pamene kwaya inakweza, ndipo amayi ena anamuyamikira kuti ndi mwana wofatsa. Masana anayamwa pang'ono n'kulavula bere. Madzulo anasanza kamodzi. Azakhali anati ndi mankhwala akulimbana ndi njoka, ndipo anayang'ana ine kuti ndivomereze. Ndinavomereza.

Lolemba kutacha thupi linali moto. Ukamunyamula ankaponya mutu kumbuyo, khosi gwa, ndipo kulira kwake kunali kopyapyala, kokwera, kosapumira. Mlongo wanga anamasula thewera. Chinthu chija chinali panja, kutalika ngati chikhatho, chikudontha pa nsalu. Sanaitane munthu. Anachiyang'ana, anayang'ana khosi, anaika chala kuseri kwa khutu n'kulondola kamzere kaja mpaka pamchombo, pang'onopang'ono, monga ankalondolera mzere pa kalata asanaitayipe.

“Iyi si njoka,” anatero. “Ndi kapaipi kake.”

“Nanenso ndinayamba kukayika,” ndinatero.

Msewu waukulu wodutsa ku Chelstone ndiwo wopita kubwalo la ndege, ndipo tsiku limenelo kunkabwera mlendo wa boma, mtsogoleri wa dziko lina. Masiku oterowo mabasi onse ankatengedwa kukanyamula anthu okamulandira, misika inkatsekedwa, ana a sukulu ankaimikidwa m'mbali mwa msewu ndi timbendera kuyambira m'mawa. Titafika pamsewu tinapeza anthu ali ndandanda mbali zonse ziwiri, pakati pali mbee. Achinyamata a chipani, ena a iwo a imvi, ankayendayenda ndi timitengo.

“Palibe motoka, palibe kujumpha msewu,” anatero mmodzi. “Imililani apa. Bakapita muombe m'manja.”

“Mwana adwala maningi, tate,” anatero Azakhali. “Tiyenda ku chipatala.”

“Bonse aba bali na ma problem, mayo. Ni pang'ono chabe.”

Pang'onopo panakwana maola awiri. Mlongo wanga anaima pansi pa kamtengo kopanda mthunzi, mwana kumsana, atamufunditsa chitenje kumutu. Kulira kuja kunayamba kuchepa, ndipo ine ndinkafuna kuti kubwerere. Ana a sukulu anaimba nyimbo yawo, anaimaliza, anaiyambanso. Kenako kunabwera njinga zamoto, magalimoto akuda otseka magalasi, ndipo zonse zinadutsa m'kanthawi kosakwana kumeza malovu. Ndinaomba m'manja. Ndikulemba zimenezi kuti zidziwike: mnyamata wa kamtengo ankandiyang'ana, ndipo ndinaomba bwino.

Amene anatipulumutsa pamenepo ndi Azakhali. Anaona lole imene inabweretsa amayi a chipani a ku Kabwata, anzawo a pamsika, n'kuthamangira dalaivala. Sindinamve zimene anamuuza, koma mayi wina wonenepa anatsitsidwa kutsogolo, mlongo wanga n'kukwera. Ine ndi Azakhali tinakwera kumbuyo pakati pa amayi oimba.

Pachipata cha chipatala Azakhali anatiimitsa.

“Mvelani. Mukambe ati yayamba lelo kuseni. Vya mankhwala musakambe. Bazatinyoza pamenso pa bantu.”

Sikuti Azakhali anali munthu wabodza. Ndi mmene tonse tinkalowera m'chipatala. Matenda onse a mu Lusaka ankayamba lero m'mawa. Munthu ankabwera ndi chilonda chamwezi wathunthu, chotuluka kale mphutsi, nesi akafunsa, lero m'mawa. Ukanena zoona unkafunsidwa kuti unali kuti masiku onsewa, unamwa chiyani, anakutemera ndani, ndipo zonsezo mokweza, anthu a pabenchi akumvetsera. Bodzali tinkalitenga ngati kuvula chipewa polowa mu ofesi. Mlongo wanga anagwedeza mutu. Inenso ndinagwedeza, mwachangu kuposa onse.

Nesi wa pakhomo anali mayi wachikulire wa magalasi. Anatsegula thewera ali wokonzeka kutikalipira, koma atayang'ana anatseka pakamwa, n'kutidumphitsa mzere wonse. Anabwera dokotala amene anaika kapaipiko, munthu wamtali wochokera kudziko lakutali, wolankhula Chingerezi mochita kusankha mawu ngati akutola miyala mu mpunga. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatuma munthu kukaitana mnzake. Mnzakeyo anaitana ena awiri. Anthu ovala zoyera akayamba kuitanana kuti adzaone mwana wako, usanyade.

Dokotala anafotokoza, nesi akumasulira. Nsonga ya kapaipi imene imayenera kungoyandama m'mimba inatsamira pa thumbo, n'kulikhula pang'onopang'ono kwa milungu mpaka inaboola n'kulowa m'kati, mwana osamva kupweteka. Kuchokera pamenepo inangotsata njira ya chakudya. Anati zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, iye anali asanazionepo. Vuto silinali bowolo, limenelo nthawi zambiri limadzitseka lokha. Vuto linali lakuti kapaipi ndi msewu. Madzi amatsika nawo, koma zonyansa za m'matumbo zikhoza kukwera nawo, ndipo kumtunda kwake kuli ubongo.

Kenako ananena chimene chinali kumuvuta. M'chipatala monse munalibe kapaipi kena. Ngati katuluka lero lomwe, osakhudzidwa, kutenthaku mwina n'kwa malungo, ndipo akhoza kudula chakumunsi chokha n'kusunga chakumutu. Koma ngati papita masiku, kapena ngati wina anakagwira, kukakoka, kukabwezera, ndiye kuti konse kayenera kutuluka lero, mwana n'kukhala wopanda kanthu mpaka kena katapezeka. Sankadziwa kuti kadzapezeka liti.

“Kanayamba liti kuoneka?” anamasulira nesi.

“Lero m'mawa,” anatero mlongo wanga, maso pansi.

“Lelo chabe,” anatero Azakhali.

“Palibe anakagwira?”

“Palibe,” anatero mlongo wanga.

Dokotala anagwedeza mutu pang'ono, koma sanalembe. Anali atagwira ntchito kuno nthawi yokwanira kudziwa kuti lero m'mawa ndi liti. Anatembenukira kwa ine, mwina chifukwa cha jekete, n'kufunsa ngati ndili ndi choonjezera. Anati sakufuna kudziwa wolakwa, akufuna kudziwa choti achite ndi mpeni.

Mlongo wanga ankabisa masiku atatu ndi theka la sipuni. Sankadziwa kuti pali china chobisa. Ndikanakhala chete, kapaipi kamene ndinakagwira ndi zala zosasamba n'kukabwezera m'matumbo kakanatsala m'mutu mwa mwana, ndipo palibe akanadziwa chifukwa chake zinthu zinapita mmene zikanapitira. Ndinayang'ana mwanayo pa tebulo. Maso ake anali atatsikanso pansi.

Ndinalankhula m'Chingerezi, motsitsa, poganiza kuti zikhala pakati pa anthu ophunzira. Ndinati kanaoneka Lachisanu. Ndinati tinamumwetsa mankhwala a njoka. Ndinati Loweruka ndinakakoka kawiri, ndinaona khungu la kuseri kwa khutu likulowa, ndipo ndinakabwezera m'kati ndi chala.

Ndinali nditaiwala zinthu ziwiri. Choyamba, mlongo wanga anatayipa Chingerezi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ankachimva kuposa ine. Chachiwiri, nesi uja ankaona kumasulira ngati udindo wopatulika. Anabwereza zonse m'Chinyanja, momveka, kuti Azakhali ndi amayi a pa mabedi oyandikana asatsalire.

Dokotala anangoti zikomo, n'kuyamba kulamula anthu ake mwachangu.

Mlongo wanga sanakweze mawu.

“Loweruka?”

“Loweruka.”

“Pamene ndinali kukhitchini.”

“Inde.”

“Unaona khosi.”

“Ndinaona.”

Anabweretsa pepala loti munthu asaine kuvomereza opaleshoni. Nesi anafunsa za bambo, tinati ali pamsewu. Mlongo wanga anatenga cholembera n'kuchiloza kwa ine.

“Apatseni awa. Ndiwo amalume ake, eni ake a mwana. Mawu omaliza ndi awo.”

“Kuno sitidziwa za malume,” anatero nesi. “Tifuna tate olo mai.”

Mlongo wanga anasaina.

Anakachotsa konse madzulo omwewo. Madzi amene anatenga m'mutu sanali oyera ngati aja ndinaona Loweruka, anali ngati madzi otsukira mpunga. Msewu uja unali utayendedwa kale. Mwana anayamba kubayidwa jakisoni usana ndi usiku, m'ntchafu zonse ziwiri, mpaka zinalimba ngati mbatata zosapsa. Masiku oyambirira ankakomoka, kakamwa kakukokera mbali imodzi. Poti kapaipi kanalibe, madzi anayambanso kudzaza, ndipo masiku angapo alionse dokotala ankalowetsa singano paliwombo kuti apungule. Nesi ankayeza mutu ndi tepi ya telala n'kulemba pa bolodi la kumiyendo kwa bedi. Nambala imeneyo ndinkaiwerenga ndisanapereke moni.

Mlongo wanga sanandithamangitse kunyumba. Anangopempha Azakhali kuti akapita ku Chelstone kukatenga matewera, aikenso zovala zanga m'chikwama. Ndinasamukira ku Kabwata, kwa Azakhali, amene anandipatsa pogona pafupi ndi matumba a kapenta. Sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti, “Na ine nenze nakamba ati ni njoka,” ngati kugawana nane mbale. Kuchokera kumeneko kupita kuchipatala ndi ulendo wapansi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkanyamula chakudya cha mlongo wanga. Ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, “Zikomo, amalume.” Mawu akuti iwe sanabwererenso.

Mlamu wanga anabwera mlungu wachiwiri, ali ndi mpunga wake. Anamuuza kuti kapaipi kanaboola thumbo, zomwe zinali zoona. Zina zonse sanamuuze, ndipo anandigwira chanza kundithokoza chifukwa choyang'anira banja lake.

Mutu unakula milungu isanu ndi umodzi. Maso anatsika mpaka chakuda chinkabisala theka. M'chipinda chimenecho munali ana ena a mitu ngati yake, akudikira chinthu chomwecho, ndipo bedi likakhala lopanda munthu m'mawa palibe ankafunsa.

Kapaipi katsopano kanabwera kuchokera ku Kabulonga, dera la anthu olemera. Banja lina la kumeneko linali litaitanitsa kunja ndi ndalama zawo, ka mwana wawo. Kanafika mwanayo ataikidwa kale m'manda. Mayi wake anakabweretsa yekha kuchipatala, kali m'pepala lake losatsegula, n'kunena kuti apatse amene ali pafupi kwambiri ndi kufa koma angathe kuchira. Dokotala anasankha wathu. Anakaika kumanzere.

Tsiku lotuluka ndinamupeza dokotala pakhonde. Ndinamufunsa ngati masiku awiri aja, Loweruka ndi Lamlungu, ndiwo anabweretsa zonsezi. Anaganiza kaye, monga mwa chizolowezi chake. Anati mwina tizilombo tinali titakwera kale Lachisanu lisanafike, mwina ayi, palibe angadziwe. Anati mwana wapulumuka, ndipo ambiri sapulumuka. Kenako anaonjezera kuti matenda amenewa nthawi zina amapita ndi makutu, ndipo jakisoni amene anamuchiritsa nayenso amatero. Anati tidzaona akamakula.

Pachipata panali bambo wina wokalamba wogulitsa nthochi, makandulo ndi zoseweretsa ana zopanga yekha. Anali ndi timaseche ta zitini za mkaka, momwe anaikamo timiyala n'kukhomera kamtengo kogwirira. Ndinasankha kaphokoso kwambiri. Mlongo wanga anali ataima poyembekezera basi, mwana ali kumsana, mutu wometedwa mbali imodzi, akuyang'ana magalimoto. Maso anali atakwera. Anali kuyamwa chibakera chake.

Ndinadzera kumbuyo kuti asandione. Ndinagwedeza kachitiniko pafupi ndi khutu lamanja. Mayi wina amene anaima patsogolo pathu anatembenuka. Ndinadzera kumanzere, ndinagwedeza mwamphamvu, mpaka anthu a pamzere wonse anacheuka, ndi galu yemwe amene anagona pansi pa benchi anadzutsa mutu. Mwana anapitiriza kuyang'ana magalimoto.

Mlongo wanga sanacheuke. Anakweza chitenje, n'kuchimanganso pachifuwa.

“Mwamva, amalume?” anatero.

Ndinati ndamva.

Basi inabwera, anakwera, ine ndinatsala ndi kachitini m'manja. Wokalamba uja anakana kukalandiranso, anati katundu wogulidwa sabwerera. Ndalama zake zinali ngwee makumi atatu, ndipo pa nkhani yonseyi ndizo zokha zimene ine ndinalipira.